A Magombo ndi Kalavani ya Maliro

Loweruka lapitali chinakwana chaka a Magombo atatisiya, ndipo m'sabata yomweyo kalavani yawo inachoka pakhomo. Anadzaikoka ndi mzungu wina wa kumafamu, kumpoto kwa Brampton. Ine ndinaonera pawindo la besimenti, chipinda cha kunsi kwa nyumba yawo, m'mene ndakhala ndikuchita lendi kwa banjali chibwerereni ku Canada. Windo la pansi limangokuonetsa munthu kuyambira m'mawondo kutsika, koma pa ntchito imeneyo n'zokwana. Anakoleka bwino, ndisamunamizire. Kungoti anamaliza zonse tiyi wanga asanazizire, ndipo ndinadziwa kuti eni ake akanakhalapo akanamutsitsa m'galimotomo kuti ayambirenso.

Amalawi a kuno amawakumbukira a Magombo pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kalavani imeneyo, imene inagoneka amuna pa maliro a anthu akwathu kuyambira ku Mississauga mpaka ku Scarborough. Chachiwiri ndi kudana kwawo ndi Che Bwanali, bwenzi lawo la ponda apa nane ndipondepo, mpaka a Magombo kulowa m'manda awiriwa asanayanjane. Ambiri amazikamba ngati nkhani ziwiri. Ine ndinkakhala kunsi kwa mapazi awo, ndipo ndikudziwa kuti ndi nkhani imodzi.

Anali munthu wamfupi wa ku Ntcheu, wamikono ikuluikulu ndi mawu osadziwa kunong'ona. Kumudzi anayendetsa malole zaka zambiri, wa ku Beira, wa ku Durban, ndipo atafika kuno anapeza ntchito yosuntha ngolo za malole pabwalo la weyahausi ina ku Mississauga. Tsiku lonse kukoleka ngolo, kuifikitsa pakhomo lake, kuimasula, kutenga ina. Anali mkulu wa mpingo, koma m'thumba lakumbuyo la suti yawo simunkasowa kansanza. Baibulo lawo ukalibwereka unkadziwa mavesi amene amawakonda poona zidindo za chala chakuda m'mphepete mwa masamba. Akazi awo, a Nambewe, anamenya nkhondo ya matawulo ukwati wawo wonse ndipo sanaipambane.

Za kalavani zinayamba chonchi. Kwathu pakagwa maliro amayi amagona m'nyumba, amuna panja. Kuno panja pake ndi pena. Miyezi ina ukagona panja umadzuka uli maliro achiwiri, ndipo ukasonkha moto pabwalo aneba amaitana ozimitsa moto usanawothe n'komwe. Pa maliro oyamba amene a Magombo anakhalapo kuno, amuna anathithikana m'khitchini ndi m'makonde a m'nyumba, amayi popita kukadzithandiza n'kumawadumpha miyendo. Ankati anachita manyazi mpaka anakathera m'galimoto. Chilimwe chotsatira anagula kalavani yakale.

Anapita kukaiona ndi Che Bwanali, Myao wa ku Mangochi amene ali ndi kagolosale ku Scarborough kogulitsa ufa, nyemba ndi usipa. Awiriwa anadziwana kale kumalire a ku Mwanza, wina akuyendetsa lole, wina atapempha kukwera ndi katundu wake. Tsiku logula, Che Bwanali ndiye ankakambirana ndi mwini wake, a Magombo ali chagada kunsi kwa kalavani. Anachotsamo tebulo ndi kabedi ka azungu kuti mukwane matilesi. Makatani anasoka ndi Abiti Saidi, akazi a Che Bwanali. Kalavaniyo sinaoneko kunyanja kapena kutchire kumene anzake amapita kukapuma. Ulendo wake unali wa kumaliro basi, achikhristu, achisilamu, ngakhale a abale athu a ku Zambia. Anthu anaitcha Siwa, ndipo ana obadwira kuno, amene Chichewa chawo chimathera pa zikomo, liwu limenelo ankalidziwa. M'katimo malo a Che Bwanali anali apawindo lakumanzere, a Magombo moyang'anizana nawo, ndipo ankatsutsana za mpira ndi za Mulungu mpaka ena tonse kutopa.

Uthenga wa maliro ukafika, a Magombo ankapepesa pafoni mwachidule n'kuvala ovololo. Ndinawathandiza kambirimbiri, ndipo sindikumbuka tsiku limene anadumpha kanthu. Ankayambira pa chitsulo chokolekera, chimene kuno aliyense amangoti hichi. Kumbuyo kwa pikapu yawo kunali kampira kachitsulo. Ankakapukuta, n'kukayendetsa chala kuti amve ngati kadyeka, kenako n'kukapaka girizi watsopano. Akatero ankatsitsa kukamwa kwa kalavani ndi jeke mpaka kumeze kampirako, n'kutseka loko, n'kulowetsa pini. Munthu wina aliyense apa amati ndakoleka. Iwo ankapukusanso jeke uja chokweza mpaka kumbuyo kwa pikapu kunyamuke pamodzi ndi kalavani. Ankati loko amatha kutseka kampira kali kunja, maso osazindikira, ndiye umafunsa kulemera kwa galimoto.

Matcheni awiri ankawapingasa kunsi, kuti chitsulo chikafwamphuka chigwere pa iwo, chisakalime msewu. Panalinso kawaya kowonda kamene, kalavani ikathawa, kamasolola pini n'kumanga mabuleki ake. Kameneko ankakakoleka pakokha ku pikapu, ndipo akakupeza wakakulunga ku tcheni kuti kasalendewere, tsiku lako linali litaipa. Akalowetsa pulagi yamagetsi ankandituma kumbuyo kuti tizikuwizana. "Lamanzere!" "Layaka!" "Buleki!" "Yayaka!" Aneba anachita kuzolowera. Ndiye ankanyamuka pang'onopang'ono mumsewu wathu, n'kufinya ndi dzanja kachipangizo ka mabuleki a kalavani kamene kanali kunsi kwa chiwongolero, phazi osaponda, kuti amve kalavani ikukokera pikapu m'mbuyo. Asanalowe mumsewu waukulu ankaima pomwetsera mafuta n'kukhudza pakati pa gudumu lililonse ndi kuseri kwa dzanja, monga mayi ayesera mwana malungo. Gudumu lotentha kuposa anzake linali ndi mlandu, ndipo ulendo unkaima pomwepo mpaka mlanduwo utazengedwa.

Chipale chofewa chikasungunuka, kalavani ankaikweza pa mitengo, n'kuchotsa magudumu, n'kutsegula mabuleki kuti aone m'kati. Ankati mchere umene amathira m'misewu kuno umadya chitsulo kuposa chiswe pa nsungwi. Ankakonda kunena kuti kuyendetsa chinthu si luso, poti ngakhale wilibala imayenda yokha pamtsetse, koma luso ndi kuchiimitsa. Ankatinso chinthu chokokedwa chilibe maso, ndipo sichidziwa kuti mukuthamangira kumaliro. Wowafulumizitsa ankamuuza kuti pa ulendo umodzi maliro amodzi ndi okwana.

Ndi khalidwe limeneli anakangana ndi anthu osawerengeka. Ife tinakulira pa matola, katundu timaponya pamene pali malo. Khomo la kalavani linali chakumbuyo, ndiye amayi a kumpingo ankaunjika matumba a ufa, mapoto ndi mipando pafupi ndi khomopo. Katundu wakumbuyo amapepula kutsogolo, kalavani n'kumagwedeza mchira mumsewu. Tsiku lina anatsitsa zonse zimene amayi analongedza, mayi wapampando ali pomwepo manja m'chiuno.

"Abambo, mukutiyesa ana? Tapakira kuyambira m'mawa ife!"

"Mwapakira bwino, mayi, koma mwapakira minibasi. Ufa kutsogolo kwa magudumu. Mipando ndiye kumbuyo."

"Ndiye muzipakira nokha."

Anapakiradi okha, akuimba nyimbo ya m'buku. Abusa ena anapempha kuti agone m'kalavani ili paulendo chifukwa anatopa, ndipo anauzidwa pamaso pa nkhosa zawo kuti akakhale kutsogolo amange lamba. Mwana wawo Tadala, wobadwira kuno, ankawadzudzula m'Chingerezi kuti munthu wamkulu angamagone pa ayezi kunsi kwa chitsulo pamene mahotela ali mbwee. Iwo ankamuyankha m'Chichewa kuti wofedwa sasowa bedi, amasowa anthu pabwalo. Mikangano yonseyi inkatha ndi tiyi, kupatula umodzi.

Abiti Saidi anamwalira mwadzidzidzi Lachinayi lina m'mawa, m'mwezi wa Malichi. A Magombo anali atangofika kumene kuchokera kumudzi, kumene anathera nyengo yonse yozizira ya kuno akumanga chiliza cha mayi awo, ndipo kalavani inali idakali m'chipale mpaka m'magudumu. Che Bwanali anaimba okha foni, osatuma munthu. Maliro achisilamu sachedwa. Kuika kunali mawa lake akatha mapemphero a Lachisanu, ndipo abale anali atanyamuka kale ku Ottawa ndi ku Hamilton. "Achimwene, bweretsani nyumba ija," ndi zokhazo zimene ananena.

Tinafukula ndi mafosholo. A Magombo anagwada pa hichi. Chitsulo chimene nthawi zonse chinali chakuda ndi girizi chinali chouma, chofiira ndi dzimbiri, loko osasuntha. Anathira oilo, n'kugogoda ndi hamala, mpaka anatseka. Atakweza ndi jeke monga mwa nthawi zonse, kukamwa kwa kalavani kunafwamphuka pa kampira, pikapu n'kugwa pansi kuti khu! Anayesanso, chimodzimodzi. Atanyamula magudumu kuti aone, lina linakana kuzungulira, lina linkangozungulira mabuleki ali omanga.

Analowa m'nyumba kukafunsa a Nambewe, ndipo zimene anakambirana sindinamve. Anatuluka nkhope itagwa. Foni inalira ali pakhonde, ndipo poti makutu anali atayamba kuwavuta ankaiika pa sipika, choncho ndinamva zonse.

"Che Magombo, mwafika pati?"

"Sindinanyamuke, achimwene. Hichi sikuloka, mabuleki agwira dzimbiri."

"Mangani ndi matcheniwo. Muyatse mahazadi, mudiraive siloo. Ndi patali ngati ku Beira apa?"

"Pa haiwe sindingaikoke chonchi. Kumbuyo kwanga kumakhala ana a eni."

"Inu mumacheka chinthu chimenecho ngati khanda. Lero pa maliro a mlamu wanu ndiye chawonongeka? Chachitika n'chiyani?"

A Magombo anayang'ana hichi ija.

"Ndinalekerera ine. Ndikonza, ndibwera."

Ndinawauza kuti tiisiye, tikwere pikapu yokha tipite, kalavani tidzaona m'mbuyo. Anandiyankha kuti ndiwapatse sipanala. Anayala katoni pa ayezi n'kulowa kunsi. Ine ndinaperekeza a Nambewe ku Scarborough madzulo omwewo. Amuna tinagona m'magalimoto, ndipo malume ake a malemu, nkhalamba yochokera kutali, anadzuka chifuwa chikulira. Kumanda Che Bwanali ankangocheukira kuchipata. Anapempha shehe kuti adikire pang'ono, shehe anadikira, kenako anati nthawi yatha. Tinaika a Magombo kulibe.

Zitsulo zimene zinkafunika sizinapezeke msanga. Anafika tsiku la sadaka, dzuwa lili pamutu, anthu tili mkati modya. Tinamva pikapu ikukhotera mumsewu, kalavani ikutsatira mwaulemu, hichi yatsopano, mabuleki atsopano. Che Bwanali anatuluka ndi mkanjo wawo woyera, jekete pamwamba, n'kukaima pakati pa msewu. A Magombo anatsitsa galasi.

"Wamwalira ndani kuno, Che Magombo?"

"Pepani, achimwene."

"Ife tinaika kale. Bwererani nayo, mukaisunge bwino."

Msewu wa Che Bwanali ndi wopapatiza, wotseka kumapeto, ndipo tsiku limenelo magalimoto a anthu anali mbali zonse. A Magombo anaiyendetsa kalavaniyo chafutambuyo msewu wonse, popanda wowakupizira dzanja, osakhudza galimoto ya munthu. Tonse tinaima ndi mbale m'manja kuonerera. Sindinaonepo luso lomvetsa chisoni ngati limenelo.

Chimene chinawononga kalavani ndinachimva patapita zaka, a Magombo ali m'chipatala, a Nambewe atatopa nacho mumtima. Mu Novembala, Abiti Saidi asanamwalire, kunagwa maliro a bambo wina wa ku Zambia ku Scarborough komweko. A Magombo anakatula kalavani, mawa lake n'kukwera ndege ya kumudzi, ndipo kubweza anasiyira mwana wa malemuyo. Tsiku losesa litafika, amayi anatuluka ndi ndowa. Kwathu chinthu chobwereka sichibwerera chakuda, ngakhale mtondo umautsuka. Amene anatsogolera anali Abiti Saidi, mayi amene kunsi kwa poto wake unkadzionera nkhope. Girizi uja ankawanyansa kuyambira kale, ankati amadetsa mikanjo ya anthu ndi kuchititsa manyazi alamu awo. Mwini wake kulibe, anapeza mpata. Anakwecha hichi ndi sitiliwulu, sopo ndi madzi otentha, mpaka m'kati mwa loko, n'kutsuka pulagi, n'kulowetsa paipi ya madzi kuseri kwa magudumu kuti matope onse atuluke. Kalavani inabwera pakhomo ikunyezimira, a Nambewe n'kuimba foni kuthokoza. Usiku womwewo kunazizira, sabata yake chipale chinagwa, ndipo madzi aja anagona m'chitsulo mpaka Malichi.

A Nambewe ankati amuna awo atamva zimenezi m'khitchini muja anawaletsa kuuza munthu. Anati wakufa sayankha mlandu, ndipo mayiyo anachita zimenezo powalemekeza. Anatinso munthu amene mkazi wake ali pa machira sungamuuze kuti manja a mkaziyo ndiwo agoneka alendo ake m'magalimoto. Kupita kumaliroko opanda kalavani anakuopa chifukwa Che Bwanali ndi munthu wa mafunso, ndipo amayi amene ananyamula ndowa tsiku lija akanakhala pomwepo akumva.

Ine ndimati analakwa, ndipo ndinawauzapo a Nambewe. Kukana kuikoka anachita bwino. Koma kumanda akanapita, manja ali lende, pakamwa ali chitsekere. Ndikuganiza kuti panalinso kunyada. Munthu amene moyo wake wonse ankafika pamaliro ndi nyumba kumbuyo sanadziwe kafikidwe kena.

Zaka zotsatira ankakumana pa maliro a ena, poti kuno tilipo ochepa ndipo sungathawe munthu. Ankapatsana moni wa pakamwa. Che Bwanali sanapondemonso m'kalavani, ankagona m'vani yawo ya kugolosale pakati pa matumba. A Magombo ankaika chikwama chawo pamalo apawindo lakumanzere, ndipo mlendo wosadziwa akafuna kuchisuntha ankamuuza kuti pali munthu. Kuyambira pamenepo kalavani sanaisiyirenso wina kuti abweze. Pa hichi ankavundikirapo chigubu chodula n'kumanga ndi mphira, ndipo ankauza amayi kuti m'kati atsuke mmene angafunire koma kunja asakhudze. Amayi ankati ukalamba wawawonjezera nkhanza.

Matenda awo sanatenge nthawi. Ndinawaimbira Che Bwanali kuwauza kuti anzawo agonekedwa, iwo anati amva, ndipo sanabwere. Tsiku lomaliza limene ndinawapeza akulankhula, a Magombo anandifunsa ngati ndatchaja kabatire ka mabuleki a kalavani. Kenako anafunsa amene anabwera kudzawaona dzulo lake ali m'tulo. Ndinatchula mayina. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa ngati ndi okhawo.

Pa maliro awo kalavani sinafunike kukokedwa, inali kale pakhomo. Tinangotsegula chitseko n'kuyala matilesi. Che Bwanali anatulukira masana, kutatsala tsiku kuti tiike, atakwera basi ndi sitima kuchokera ku Scarborough. Anapepesa a Nambewe m'nyumba, n'kutuluka, n'kuima pakhomo la kalavani. Anavula nsapato, n'kulowa, n'kukakhala pawindo lakumanzere, pansi pa katani imene akazi awo anasoka. Sanatsutsane ndi munthu za mpira kapena za Mulungu. Anakhala mpaka tinaika, ndipo anagonanso.

M'mawa wa tsiku losesa amayi anatuluka ndi ndowa. Wowaletsa uja anali atapita, ndipo ankafuna kuti kalavani ya malemu iyere kamodzi kokha. Mayi wina wongofika kumene kuchokera kumudzi anamasula chigubu chija, n'kugwada pa hichi ndi sitiliwulu m'manja. Ndisanatsegule pakamwa, Che Bwanali anali atatsika kale, opanda nsapato, n'kuima pakati pa mayiyo ndi chitsulo.

"Amayi, m'kati tsukani, mawindo tsukani. Apa ayi."

"Koma ndi pamene pada kwambiri, bambo."

"Ndi mmene payenera kukhalira. Akazi anga anapatsukapo. Panayera zedi."

A Nambewe anali pakhonde ndi tsache. Analitsamiritsa kukhoma n'kutsika masitepe.

"Alamu, munkadziwa?"

"Anandiuza okha tsiku lomwe anatsukalo, akunyadira. Ine mutu unali pa malonda, sindinasunge. Ndinadzakumbukira mochedwa, nditawabweza kale achimwene anga pamsewu, anthu akuona." Anavula kofiya n'kuivalanso. "Munthu wakubisira zotere, umayambira pati kumupepesa? Chaka chilichonse ndimati chaka chamawa."

Che Bwanali anatembenukira kwa ine. Anandifunsa kumene kumakhala girizi, ndipo ndinakatenga chitini m'galaja. Anapinda dzanja la mkanjo, n'kugwada pa simenti, n'kupaka m'kamwa mwa hichi ndi zala. Anapaka wambiri kuposa wofunika, wina n'kumadontha pansi, ndipo a Magombo akanawakalipira. Ine sindinawakonze. Ndinapita kuseri kwa kalavani kukalira, chifukwa m'chipatala muja dzina limene mkulu uja ankadikira ndinalibe.

A Nambewe anaisunga chaka chathunthu. Mwa ife palibe amene ali ndi pikapu, ndipo kunena zoona palibe amene ali ndi mtima wogona pa katoni mu Malichi. Pa maliro amene agwa chaka chino amuna takhala tikupepesa n'kubwerera m'makwathu, ena kugona m'magalimoto. Ndimawasowa a Magombo, ndi mkalipo wawo womwe.

Pamene panali kalavani tsopano pali simenti yotuwa, yosiyana mtundu ndi bwalo lonse, yamakona anayi ngati maziko a nyumba yogumulidwa. Magudumu anasiya timaenje, ndipo m'ming'alu mwayamba kumera udzu. Mitengo imene ankaikira kumagudumu ili pambali pa galaja, chigubu chodula chija pamwamba pake. Kuwala kumafika m'besimenti mwanga kuposa kale, ndipo sindinakuzolowere. Kutsogolo, pamene pankafika hichi, pali banga lakuda la girizi, lalikulu ngati mbale.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi a Nambewe anatuluka ndi tsache, ndowa ndi bulashi. Ndinaona mapazi awo pawindo akuyenda uku ndi uku. Anasesa, anathira madzi, anakwecha malo onsewo kuyambira kugalaja mpaka kumsewu. Atafika pa banga lija anaima, n'kuyendetsa bulashi mozungulira, n'kupitirira.